Makina a masewera akamadya tokeni kapena kukana kulipira: mmene mungapezere pamene pavuta

Mwana waponya tokeni, aliyense wamva kuti yagwera m'bokosi, koma pa sikirini pakadali CREDIT 0. Waponyanso ina, chimodzimodzi. Kenako wayamba kuwamenya makinawo ndi chikhatho, anzake akumuchemerera. Kapenanso munthu wawina matokeni 20, makina atulutsa 7 n'kungoti zii, ndipo nkhani yasanduka mkangano pakati pa iye ndi mtsikana wogulitsa matokeni, amene sanalakwe chilichonse. Amene muli ndi makina oterewa pa shopu kapena m'holo ya masewera mukudziwa kuti zikatere makasitomala sanena kuti makina awonongeka. Amanena kuti mukuwabera.

Chimene ndikufuna mugwire musanatenge sikuludiraiva n'chakuti tokeni ili ndi ulendo umodzi wokha. Imalowa pakamwa pa makina, imadutsa m'choyezera chimene chimaona ngati ili yeniyeni, imagunda switchi, switchiyo imatumiza uthenga pa waya kupita ku bolodi, ubongo wa makinawo, bolodi limalemba kirediti, mwayi wosewera. Pa makina olipira, ulendowo umapitirira mpaka mu hopper, nkhokwe ya matokeni yokhala ndi mota, ndipo tokeni imatuluka itawerengedwa ndi sensa. Vuto limakhala pamalo amodzi pa njira imeneyi. Inu muyende nayo tokeniyo kuyambira pakamwa, musalumphe. Ambiri amathamangira kugula bolodi latsopano pamene cholakwika chinali kawaya kopindika.

Musanatsegule

Zimitsani makina ndipo muzule pulagi pakhoma. Ngati makina anu ali ndi sikirini yakale yagalasi, yotumphuka kumbuyo ngati TV zamakedzana, samalani kwambiri: imasunga magetsi amphamvu yofika cha m'ma 20,000V, ndipo amatha kutsalamo ngakhale mutazimitsa. Waya wonenepa wolowa m'kachipewa ka rabala pamsana pa sikiriniyo musamukhudze. Ntchito yathu ili ku chitseko cha matokeni ndi ku hopper, kulibe chifukwa chopisira dzanja kumeneko.

Mukhale ndi multimeter (chida choyezera magetsi), tochi, sikuludiraiva, mswachi wakale, nsalu youma yopanda ulusi wothothoka, spiriti pang'ono ndi matokeni osachepera 20 amene mukudziwa kuti ndi abwino. Jambulani mawaya onse pa foni musanazule ngakhale mmodzi.

Poyamba, gawani vutolo pakati

Mkati mwa chitseko cha matokeni mumakhala mabatani awiri ang'onoang'ono, lina lolembedwa SERVICE, lina TEST. Yatsani makina, dinani la SERVICE. Ngati kirediti yawonekera pa sikirini, bolodi lili moyo ndipo likudziwa kuwerenga. Ndiye kuti vuto lili pakati pa kamwa la makina ndi polumikizira bolodi. Mwachepetsa kale ntchito ndi theka.

Kenako dinani TEST, mufufuze tsamba loyesera mabatani, nthawi zambiri limalembedwa INPUT TEST kapena I/O CHECK. Pamenepo muona mzere wa COIN 1 ndi COIN 2. Gwedezani switchi ya tokeni ndi chala uku mukuyang'ana pa sikirini. Izisintha kuchoka pa OFF kupita pa ON, mukasiya ibwerere. Ikangokhala pa ON osasuntha, kapena pa OFF osasuntha, mwapeza mbali yoyambira.

Tokeni ikungobwerera

Apa choyezera chikukana. Zoyezera zilipo za mitundu iwiri, ndipo chisamaliro chake n'chosiyana.

Chakale chija chilibe magetsi. Tokeni imakhala pa kampando kozungulira kamene kamayeza kukula ndi kulemera kwake, kenako imagubuduka kudutsa pa maginito amene amaichedwetsa molingana ndi chitsulo chimene inapangidwira. Yabodza imagwera njira yobwerera. Chichotseni pachitseko, nthawi zambiri chimagwiridwa ndi timakilipi kapena tizomangira tiwiri, ndipo muchitsegule ngati buku. Mudzadabwa ndi zimene mudzapezamo. M'miyezi ya fumbi, September ndi October, njira ya tokeni imachita litsiro lakuda lomata, losakanikirana ndi thukuta la m'manja ndi zakumwa zotayikira. Pa maginito pamamatirira tizitsulo, mawashala, nthawi zina pini ya m'tsitsi. Chitsukeni ndi madzi ofunda a sopo ndi mswachi, muchitsukuluze, muchiyanike mpaka chiume kotheratu.

Musathiremo mafuta. Ndikubwerezanso chifukwa ndi pano pamene anthu abwino amawonongera makina awo: osathira oyilo, girizi, ngakhale WD-40. Tsiku loyamba tokeni imatsetsereka bwino, mumasangalala. Pakatha sabata mafuta aja agwira fumbi lonse n'kukhala phala, ndipo tokeni imachedwa moti choyezera chimaiyesa yabodza. Njira ya tokeni inapangidwa kuti izigwira ntchito youma.

Onaninso ngati makina aima mowongoka. Choyezera chimadalira kugwa kwa tokeni, ndiye pansi pakakhala popendekeka chimakana ngakhale matokeni abwino. Kathabwa pansi pa mwendo umodzi kamathetsa nkhaniyo. Makina ena alinso ndi kakoyilo kumbuyo kwa choyezera kamene kamatseka njira magetsi akazima, kuti munthu asataye tokeni yake pachabe. Kakoyiloko kakapsa kapena waya wake akaduka, njira imakhala yotseka nthawi zonse. Yatsani makina uku mukukayang'ana: kazikoka kachitsulo kake n'kumveka kuti "kha".

Choyezera chamagetsi sichifuna madzi. Pukutani njira yake ndi nsalu yonyowetsa pang'ono ndi spiriti, timaso take ta sensa mutipukute ndi thonje louma. Chimadya 12V, ndiye muyeze pakati pa waya wa 12V ndi wa ground (wobwerera magetsi), amene pa zambiri amakhala wofiira ndi wakuda. Mtundu wina umakhala ndi tokeni yachitsanzo yopanikizidwa m'mbali mwake, ndipo tokeni iliyonse yolowa imayerekezedwa ndi imeneyo. Yachitsanzoyo ikasuntha, ikagwa, kapena wina akaichotsa kuti akasewerere, palibe tokeni imene idzalandiridwe. Ikanimo yotha pang'ono ngati zimene zikuyenda m'manja mwa anthu, osati yatsopano yonyezimira. Palinso kokhotetsa kakang'ono kosankhira kukhwima kwa kuyeza. Kasuntheni pang'onopang'ono, muziyesa matokeni angapo nthawi iliyonse. Mukakamasula kwambiri, chimayamba kulandira mawashala ndi matokeni a shopu yoyandikana nayo.

Mtundu winanso wa choyezera chamagetsi, monga CH-926, umaphunzitsidwa. Umatha kusunga mitundu 6 ya ndalama zachitsulo kapena matokeni, ndipo pouphunzitsa mumaponya zitsanzo 15 kapena 20. Musaponye tokeni imodzi yomweyo maulendo 20. Sakanizani zatsopano ndi zakutha, apo ayi chidzangodziwa imodzi yokhayo. Popeza ndalama zathu zachitsulo za K1, K5 ndi K10 sizigulanso kanthu, eni makina ambiri amayendera matokeni, ndipo mukaitanitsa ena kwa wogulitsa wina amatha kusiyana pang'ono kulemera kapena chitsulo. Diso silingaone, koma choyezera chimaona.

Tokeni yamezedwa, kirediti palibe

Uku ndiye kudya kumene anthu amadandaula nako. Choyezera chavomera, tokeni yagwera m'bokosi, koma uthenga sunafike.

Pansi pa choyezera chopanda magetsi pali switchi yaing'ono yokhala ndi kawaya kopyapyala kotulukira m'njira ya tokeni. Tokeni ikamagwa imakankha kawayako. Ponyani tokeni chitseko chili chotsegula, muunike ndi tochi. Kawirikawiri mudzaona tokeni ikudutsa m'mbali osakakhudza, chifukwa kanapindika, kapena ikukakhudza koma osafika poti switchi ilire. Kawongoleni ndi zala mofatsa mpaka tokeni iliyonse izimveka kuti "tiki".

Switchiyo ili ndi miyendo itatu: COM, NO (wolumikizana ndi COM pokhapokha switchi ikakanikizidwa) ndi NC (wolumikizana ndi COM switchi isanakanikizidwe). Mawaya awiri amalowa pa COM ndi NO. Wina akalakwitsa n'kuika pa NC, bolodi limaona ngati tokeni yakakamira pa switchi mpaka kalekale. Makina ena amapereka kirediti imodzi poyatsa kenako n'kusiya, ena amalemba COIN ERROR. Zimitsani makina, ikani multimeter pamene imalira mawaya akakhudzana, gwirani COM ndi NO, kanikizani kawaya. Ilire pokhapokha mwakanikiza. Ikakhala chete, kapena ikamalira modukizadukiza, switchi yatha. Ndi yotchipa, isintheni.

Switchi ikakhala bwino, tsatani mawaya. Makina ambiri opangidwa kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 amatsatira kalumikizidwe ka JAMMA, kamene bungwe la opanga makina a masewera ku Japan linakhazikitsa mu 1985. Cholumikizira chake chili ndi mapini 56, mbali iliyonse 28. Uthenga wa COIN 1 umalowa pa pini 16 ku mbali ya bolodi imene kuli zipangizo, wa COIN 2 pa pini T ku mbali inayo, imene mapini ake amatchulidwa ndi zilembo. TEST ili pa 15, SERVICE pa R, ndipo ground ili pa mapini awiri oyambirira ndi awiri omalizira a mbali zonse. Makina ali oyaka, yezani pakati pa pini 16 ndi ground: pazikhala pafupifupi 5V, ndipo mukakanikiza switchi zizitsika kufika pa 0. Ngati switchi ili bwino koma pa pini sizikutsika, waya waduka panjira. Yang'anani polumikizira chitseko ndi thupi la makina, pamene mawaya amapindika nthawi iliyonse mukatsegula. Waya wakuda wa ground amayenda kuchokera pa switchi ina kupita pa ina ngati unyolo, ndiye akazuka pamalo amodzi, zonse za kutsogolo kwake zimafa. Makoswe nawonso amakonda kumeneko.

Mano a bolodi akachita dzimbiri kapena kuda, zimitsani, zulani cholumikizira, muwapukute ndi rabala yofufutira pensulo. Pobwezera onetsetsani kuti simunachitembenuze, chifukwa 12V ikalowa polakwika bolodi limapsa nthawi yomweyo.

Pa choyezera chamagetsi mulibe kawaya kaja. Chokha chimatumiza kauthenga kofupika, ndipo m'mbali mwake muli timaswitchi tiwiri. Kena n'kosankha NO kapena NC: mabolodi ambiri amafuna NO. Kena n'kosankha kutalika kwa uthengawo, FAST, MEDIUM kapena SLOW. Bolodi lakale limatha kuphonya uthenga wothamanga, ndiye tokeni zina zimawerengedwa, zina ayi. Ikani pa MEDIUM kapena SLOW muyesenso.

Ndinakhalapo madzulo athunthu pa makina ena amene choyezera chake chinali chatsopano, chikuyaka, chikulandira matokeni bwinobwino, koma kirediti osabwera. Mwiniwake anali atachipatsa magetsi kuchokera ku adaputa yapadera ya 12V, yosiyana ndi power supply, bokosi logawa magetsi m'makinawo. Waya wa uthenga anali pamalo pake, koma ground ya adaputayo sinalumikizidwe ndi ground ya bolodi. Popanda ground imodzi, bolodi silimva chilichonse. Kawaya kakuda kotalika ngati chala kanathetsa vuto limene linawadyera bambowo ndalama kwa milungu iwiri.

Makirediti akubwera, koma molakwika

Tokeni imodzi ikupereka awiri, kapena pakufunika ziwiri kuti pabwere mmodzi, kapena anthu akusewera ulere. Yambani ndi masetingi, osati mawaya. Mabolodi akale ali ndi timaswitchi tondandalikana totchedwa DIP. Pa Pac-Man, yemwe Namco inatulutsa mu 1980, timaswitchi tiwiri toyambirira ndi timene timasankha ngati masewera ali aulere, ngati tokeni imodzi ikupereka kirediti imodzi kapena awiri, kapena ngati pakufunika matokeni awiri. Tisintheni makina ali ozimitsa. Makina atsopano, kuphatikizapo mabolodi a masewera ambirimbiri ngati Pandora's Box, amasunga zimenezi m'menyu. Choyezera chophunzitsidwa chija nachonso chili ndi nambala yake ya mauthenga amene chimatumiza pa tokeni iliyonse, ndiye onani mbali zonse ziwiri.

Ngati mwakonza masetingi koma mawa lake abwerera mwakale, batire la pa bolodi latha. Makina a Neo Geo MVS a kampani ya SNK, amene anayamba mu 1990, amadziwika ndi zimenezi, ndipo batire lake likakalamba limatayikira n'kudya tinjira ta pa bolodi. Mukaona zoyera kapena zobiriwira ngati nkhungu mozungulira batirelo, musadikire, lichotsedwe.

Makirediti obwera okha kapena owirikiza mosayembekezeka amachokera kwina. Kawaya ka switchi kakakhala kofewa kwambiri kamanjenjemera tokeni itadutsa, bolodi n'kuwerenga kawiri, ndipo ana amatulukira msanga kuti kumenya chitseko kumabweretsa kirediti. Kauntala ya manambala imene imawerenga matokeni ili ndi koyilo mkati, ndipo imafuna diode, kachipangizo kolola magetsi kupita mbali imodzi yokha, monga 1N4004 kapena 1N4007, kuti magetsi obwerera asasokoneze bolodi. Zulani kauntalayo kwakanthawi: vuto likatha, mwaligwira. Makina ena ali ndi switchi ya SLAM kapena TILT pachitseko, imene imayambitsanso masewera kapena kufufuta makirediti munthu akamenya makina. Ikapindika n'kuyandikana kwambiri, kungogwedeza pang'ono makirediti a munthu apita.

Yezaninso 5V pa bolodi penipeni, osati pa power supply. Izikhala pakati pa 5.0 ndi 5.1 kapena pafupi pamenepo. Ikatsika, bolodi limachita zinthu zosamveka.

Makina akulipira mopereweza, mopitirira, kapena osalipira n'komwe

Tsopano tafika pa hopper. Kaya ndi ya Suzo, Asahi Seiko kapena Money Controls, kagwiridwe kake n'kofanana. Bolodi limayatsa mota, mbale yokhala ndi mabowo kapena mano, kapena lamba pa mitundu ina, imanyamula matokeni imodziimodzi, ndipo potulukira pali sensa kapena switchi yowerenga. Nambala ikakwana bolodi limazimitsa mota. Pakapita masekondi angapo osaona tokeni, limaimitsa zonse n'kulemba cholakwika. Makina ena amalemba mawu, HOPPER EMPTY kapena HOPPER JAM, ena manambala: pa makina a IGT S+, 3100 ndi tokeni yotuluka mopitirira, 3200 ndi kukakamira potulukira, 3300 ndi hopper yopanda kanthu. Lembani uthengawo musanazimitse.

Choyamba n'chophweka: muli matokeni okwanira? Hopper yotsala pang'ono kutha imazungulira osagwira kanthu. Nthawi zina matokeni amakhalamo koma apanga denga pamwamba pa mbale, pansi pali mphako. Avunduleni ndi dzanja makina ali ozimitsa. Ngati hopper ikutha msanga pamene bokosi la pansi likusefukira, kachitseko kamene kamasankha kotumiza matokeni olowa kakakamira mbali imodzi.

Kenako mvetserani pamene makina akuyesa kulipira, chifukwa khutu limakuuzani zambiri.

Mota ikang'ung'udza osazungulira, china chake chapanikiza. Zimitsani, tulutsani hopper yonse, khuthulani matokeni pa nsalu. Fufuzani tokeni yopindika, yokula mosiyana, sikuluwu yogwera mkati, rabala yomangira ndalama, mphemvu zouma. Zungulitsani mbale ndi dzanja chammbuyo kuti chokakamiracho chimasuke. Musakanule ndi sikuludiraiva: kachitsulo kopyapyala kamene kamachotsa tokeni pa mbale kakapindika, hopper izikakamira tsiku lililonse.

Mota ikangoti zii, yang'anani fyuzi ndi pulagi ya hopper, imene imamasuka anthu akamaikankha molakwika pobwezera. Mahopper ambiri amadya 12V kapena 24V, ena akale amadya magetsi a pakhoma, ndiye werengani chikalata chomata pambali musanayeze. Magetsi akamafika pa mota nthawi yolipira koma yosayenda, mota kapena magiya ake atha. Akapanda kufika, vuto ndi relay kapena transistor yoyatsa mota, ndipo pamenepo pakufunika munthu wodziwa kuwotcherera pa bolodi.

Mota ikamazungulira, matokeni akutuluka, koma nambala yosagwirizana, mlandu ndi wa chowerengera. Kumbukirani kuti bolodi siliona matokeni, limangokhulupirira zimene sensa yaliuza. Sensa ikachita fumbi kapena waya wake akamasuka n'kumaphonya ena, mota imapitiriza, makina amalipira mopitirira, ndipo mwina pamapeto amalemba kuti hopper ilibe kanthu pamene yangokhuthula. Ikamawerenga tokeni imodzi kawiri, chifukwa kamkono kake kakunjenjemera kapena sipuling'i yafooka, wosewera amalandira zoperewera ndipo makina salemba cholakwika chilichonse, chifukwa kwa iwo alipira zonse. Vuto limeneli ndi limene limadanitsa anthu, popeza mwini makina amakhulupirira manambala, kasitomala amakhulupirira zimene zili m'manja mwake, ndipo kasitomalayo ndiye akunena zoona. Pukutani timaso ta sensa ndi thonje louma, onani sipuling'i, kenako pa INPUT TEST dutsitsani tokeni ndi dzanja muone ngati ikuwerengedwa kamodzi kokha. Ngati nthawi zonse pakutuluka imodzi yowonjezera pamapeto, buleki ya mota yatha, mbale ikupitirira pang'ono magetsi atadulidwa kale.

Pali china chimene chimanamiza ambiri. Makina akayamba kulipira, sikirini imathima, amayambiranso, makirediti apita. Hopper ilibe mlandu. Mota imakoka magetsi ambiri poyamba kuzungulira, ndipo power supply yofooka imagwa, bolodi n'kuzima. Zimachuluka mukamayendetsa makina pa jenereta kapena inveta yaing'ono. Yezani 5V pa nthawi imene mota ikuyamba muone ngati ikutsika. Onaninso kuti makina ochokera ku Japan anapangidwira 100V ndipo a ku America 120V, pamene kuno tili pa 230V. Thiransifoma yotsitsa magetsi ikakhala yaing'ono, masewera amayenda bwinobwino mpaka nthawi yolipira.

Musanatseke chitseko

Ponyani matokeni 20 imodziimodzi, muwerenge makirediti. Akhale 20. Pa menyu ya TEST sankhani kuyesa hopper, muiuze itulutse 10, muwerenge ndi manja, mubwereze kasanu kapena kakhumi. Kuyesa kamodzi sikukwanira chifukwa vuto la sensa limabwera mwa apo ndi apo. Tsekani chitseko ndi kiyi muyesenso, popeza mawaya ena amapanikizika pokhapokha chitseko chikatsekedwa.

Mukatha, lembani m'kope tsiku, nambala ya pa kauntala ya olowa, ya pa kauntala ya otuluka, ndi matokeni amene mwaika mu hopper. Mukamatsegula sabata yamawa, zimene zili m'bokosi ndi mu hopper zigwirizane ndi manambalawo. Zikasiyana ndi matokeni ochepa chabe, yambani ndi sensa. Ndipo mwana uja amene makina anamudyera matokeni awiri, muuzeni wogulitsa kuti akabwera amubwezere.